Akamati anthu akhamukira

Kumapeto kwa Disembala 2024, khoti lalikulu loona za malamulo ku Mozambique litatsimikiza kuti Daniel Chapo ndiye adapambana chisankho cha pa 9 Okutobala, zipolowe zidakula m'dzikomo. Anthu masauzande a m'boma la Morrumbala adawoloka Shire ndi Ruo n'kulowa m'boma la Nsanje. Wolemba nkhani m'Chichewa sakadavutika kufuna mneni woti afotokozere zimenezi, chifukwa mneniyo amakhala ali pakamwa kale: anthu a ku Mozambique akukhamukira ku Nsanje.

Mneni ameneyu, kukhamukira, ndiye nkhani yathu ya lero. M'Chigwa cha Shire sapuma. Madzi akasefukira amamveka, chilala chikagwa amamveka, ntchito ikatuluka ku Nchalo amamvekanso. Koma ndi ochepa amene amaima n'kufunsa kuti mneniyu amanena chiyani, amabisa chiyani, nanga amatuluka m'kamwa mwa yani.

Khutu la Mchewa kapena Mmang'anja limamva msanga kuti m'kati mwa kukhamukira muli khamu. Khamu ndi anthu ochuluka amene ali pamodzi. Akakhala magulu angapo timati makamu, kutaya kampweya kaja monga mmene khasu limasandukira makasu, khutu makutu, khola makola. Ndiye chifukwa chake mneniyu salola munthu mmodzi. Mayi amene wanyamula dengu la tomato kupita ku msika wa Dyeratu sanakhamukire kumsika, wangopita. Ngakhale atakhala atatu ndi anzake, wonena kuti akhamukira kumsika ndiye kuti akuwaseleula, ndipo omva amaseka chifukwa akudziwa kuti atatu si khamu. Malire ake palibe adawalemba. Anthu 20 pa chitsime cha m'mudzi angaoneke khamu, koma anthu 20 omwewo pa bwalo la zamasewero palibe angawatche choncho. Chimene chimayeza ndi malo amene akupitako, ngati akuwadzaza kapena ayi.

Chachiwiri ndi kamphatikira kakumapeto kaja, -ir-. Ndi komwe kali mu kuthawira, kusamukira, kuthamangira, kusefukira. Ntchito yake pano ndi kuloza kumene ulendo ukulunjika, ndipo ndi chifukwa chake mneniyu sayima yekha. Wina akangoti "anthu akhamukira" n'kukhala chete, womvera amadikira, kenako amafunsa kuti, "Kuti?" Pamayenera kubwera ku, kwa, pa kapena mu. Akhamukira ku Bangula. Akhamukira pa depoti ya ADMARC. Akhamukira m'misasa. Ndipo kukakhala kwa munthu timati kwa: mu 1995 anthu a m'zigawo zonse za dziko lino adakhamukira kwa Billy Goodson Chisupe ku Machinga kukamwa mchape umene ankati uchiza Edzi. Chiganizo chimenecho chimatchula kwa Chisupe, koma sichinena kuti anthuwo adachokera kuti, adakwera chiyani, adagulitsa chiyani kuti apeze ya basi. Mneniyu maso ake ali kutsogolo kokha.

Amagwira ntchito mbali ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo samasintha nkhope. Mbali ina ndi ya chokoka. Kuyambira pamene fakitale ya shuga ya ku Nchalo idayamba kugaya nzimbe mu 1966, nthawi ya SUCOMA mpaka lero nthawi ya Illovo, nyengo yodula nzimbe ikamayandikira anyamata amakhamukira kumeneko kukafuna ntchito. Mu Okutobala 2010 anthu adakhamukira ku Nsanje kukaona Bingu wa Mutharika akutsegulira doko, ali ndi alendo ake Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Tsiku limenelo khamu lidafika, koma chombo chimene anthu ankayembekezera sichidafike, chifukwa akuluakulu a ku Mozambique adachigwira m'njira. Mbali inayo ndi ya chokankha. Mu Januwale 2015, Ruo ndi Shire zitasefukira, boma lidalengeza kuti m'maboma 15 mwagwa ngozi, ndipo anthu pafupifupi 230,000 m'dziko lonse adasowa pokhala, ambiri a iwo a ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Iwonso akuti adakhamukira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Wopita kokaona mtsogoleri atavala chitenje chatsopano, ndi wothawa madzi atangotsala ndi chovala cha m'thupi, mneniyu amawaika m'chiganizo chofanana.

Apa mpamene pagona nkhani. Kukhamukira ndi mawu a munthu amene waima patali. Ndi mawu a mtolankhani, a bwanamkubwa, a wogwira ntchito ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, amene ali ndi kaundula m'manja pa chipata cha msasa. Nkovuta kumva munthu akunena za iye mwini kuti "tidakhamukira ku Bangula". Amene adali m'kati mwa ulendowo amati tidathawa, tidawoloka, tidatengana ndi ana, tidadikirana pa chulu mpaka kudacha.

Tamvani aneni amenewo. Aneni ambiri otere amathera ndi -ana: kutengana, kudikirana, kutsagana, kutsatana, kuperekezana, kuitanana. Ana asukulu amauphunzira msintho umenewu m'kalasi, koma m'chigwa muno umaphunziridwa usiku, madzi akamalowa m'nyumba. Pamene -ir- amaloza malo, -an- amaloza mnzako. "Achimwene, titsagane." "Mayi, mutengane ndi anawa, ine nditsalira agogo." M'ziganizo zotere aliyense ali ndi dzina ndi udindo wake. Pali amene wabereka mwana, pali amene wasenza mbuzi pa phewa, pali amene wabwerera kukatenga nkhalamba. Akale adati kuyenda awiri si mantha, ndipo mwambiwo ukunena za kutsagana, za anthu odziwana amene agwirizana zoyendera limodzi. Khamu lilibe pangano lotere. Anthu a m'khamu angathe kukhala osadziwana n'komwe. Chowagwirizanitsa ndi kumene akupita basi.

Ndipo kawolokedwe kake kenikeni sikafanana ndi chithunzi chimene mneniyu amajambula m'mutu. Womvera ali ku Lilongwe akamva kuti anthu akhamukira ku Nsanje amaona chinamtindi cha anthu chikubwera nthawi imodzi. Pamtsinje pamakhala bwato limodzi kapena awiri, lililonse lonyamula anthu owerengeka, wopalasa akupita n'kubwerera tsiku lonse, ena akudikira tsidya lina mpaka mawa, ena akusowa ya bwato. Khamulo limaoneka pokhapokha onse aja akaunjikana pa sukulu imodzi. Zidali choncho ku Makhanga mu 2015, pamene dera lonse lidasanduka chilumba ndipo thandizo linkafika pa helikopita ndi pa maboti. Zidabwerezeka mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 nthawi ya Ana, namondwe amene adawononga damu la Kapichira n'kuzimitsa magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130, komanso mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy, pamene anthu oposa 650,000 m'chigawo cha kummwera adasiya nyumba zawo.

Chitsanzo chachikulu kuposa zonse ndi cha nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO ku Mozambique. Kuyambira mu 1986 anthu adalowa m'dziko muno mwaunyinji, mpaka chiwerengero chawo chidapitirira 1 miliyoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ku Nsanje othawa nkhondo adachuluka kuposa eni boma. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu idatchuka mpaka kunja. Palibe angatsutse kuti kumeneko kudali kukhamukira. Koma ambiri mwa anthuwo, makamaka oyambirira, sadapite kumsasa. Adafikira kwa abale. Malire a Malawi ndi Mozambique m'derali adadula pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, okwatirana, olima madimba oyandikana. Asena ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa makolo awo adakwera chigwachi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pothawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, ndipo nkhondo ya ku Barue ya mu 1917 idawonjezera ena. Choncho amene kaundula wa boma adamulemba kuti ndi mmodzi mwa okhamukira, pakhomo pamene adafikira ankangoti kwabwera atsibweni, kwabwera mlamu. Adapatsidwa mkeka ndi kachigawo ka dimba.

Pali chinthu china chimene mneniyu alibe. Aneni ambiri a ulendo ali ndi msintho wosonyeza amene wachititsa. Kuthawa kuli ndi kuthawitsa, kuwoloka kuli ndi kuwolotsa, kusamuka kuli ndi kusamutsa. Koma kukhamukitsa sikumveka m'kamwa mwa anthu. Motero chiganizo chokhala ndi kukhamukira chimaoneka ngati anthuwo angodzidzimuka okha n'kuyamba ulendo, popanda wowatuma kapena wowapirikitsa. Andale amaukonda mneniyu pa chifukwa chomwechi. Msonkhano ukatha amafuna kumva kuti anthu adakhamukira ku bwalo, pamene nthawi zina chiganizo choona chikadakhala choti anthu adatutidwa pa malole. Ndiponso nthawi ya njala, monga mu 2024 pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, kunena kuti anthu akukhamukira kudambo kukazula nyika kumamveka ngati nyikazo ndi zimene zawakoka. Chawatuma ndi nkhokwe yopanda kanthu, ndipo m'madzi amene akulowamo muli ng'ona.

Kusamuka ndiye mneni amene wavuta kwambiri m'chigwachi, ndipo amasiyana kutali ndi kukhamukira. Wokhamukira kumsasa wasiya chitseko chomangirira ndi luzi, abwerera madzi akaphwera. Wosamuka wazula mitengo ya nyumba. Boma lakhala likuuza anthu a kwa Nyachikadza, m'dambo la Ndindi, kuti asamukire kumtunda kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pa 2015 lidanenanso zomwezo kwa a ku Makhanga ndi madera ena a kwa Mlolo. Anthu omwewo amene sachedwa kuthawira kumtunda madzi akabwera, ambiri a iwo akhala akukana kusamuka. Wa kutali amaona ngati ndi liuma. Koma dothi limene madzi amasiya ndi lomwe limawapatsa chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, pamene wa kumtunda akudikira mvula yosadalirika ya m'chigwa chotentha. Nsomba zili pomwepo. Manda a makolo ali pomwepo. Ndipo mfumu imene yasamukira m'dziko la mfumu inzake imasanduka mlendo. Wolemba nkhani akasokoneza aneni awiriwa, n'kulemba kuti anthu asamukira kumtunda pamene angothawirako, amapatsa boma chipambano chimene silidapeze. Mwezi umodzi ukatha omwe aja amakhala ali m'madimba mwawo.

Nyama nazo zili ndi kayendedwe kawo, koma chilankhulo chimazipatsa mawu ena. David Livingstone, podutsa pa Shire mu 1859, adalemba kuti adaona njovu pafupifupi 800 m'dambo limene mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh, ngakhale njovuzo zidatha kalekale. Unyinji wotere wa nyama timati gulu kapena msambi, pakuti khamu ndi la anthu. Ng'ombe za ku Ngabu zikamapita kumtsinje zimatsatana, zimandondozana, mbusa ali pambuyo. Dzombe limagwa kapena kutera m'munda. Wina atati ng'ombe zakhamukira kudambo amveka ndithu, koma ndiye kuti wazikweza n'kuzipatsa maganizo a anthu. Ndipo njovu za ku Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2003, zitachuluka sizidakhamukire ku Nkhotakota. Zidasamutsidwa. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete zidagonekedwa ndi mankhwala, kukwezedwa pa magalimoto n'kutumizidwa kumeneko, banja lililonse pamodzi, chifukwa odziwa za nyama amati banja la njovu silisiyanitsidwa. Apa msintho wochitidwa ukunena zoona zonse: pali wosamutsa, pali wosamutsidwa.

Pa maliro mpofunika kusamala. Mnansi akamwalira anthu sakhamukira kusiwa. Amapita kukakhuza, amagona kumeneko, m'mawa n'kuperekeza mnzawo kumanda. Kuperekeza ndi kuyenda ndi munthu chifukwa cha iye, monga mmene mwininyumba amatulutsira mlendo mpaka pa mphambano, ndipo mawu amenewa amapatsa womwalirayo ulemu wa munthu amene ali pa ulendo. Kunena kuti anthu akhamukira ku maliro a munthu wamba kungamveke ngati akukaonerera, kapena amva kuti kwaphedwa ng'ombe. Mneniyu amaloledwa pa maliro a munthu wotchuka, monga pamene Gwanda Chakuamba, amene ambiri ankangomutcha Mbuya, adaikidwa kwawo ku Nsanje mu 2016, chifukwa pamenepo pamabwera ndi anthu amene sadamuonepo maso ndi maso. Ngakhale apo, a pabanja ndi a m'mudzi amakhala akuperekeza, okhamukira ndi enawo.

Chimodzimodzi ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona. Opita kukapereka nsembe amayenda motsogozedwa ndi akuluakulu osunga malowo, atavala nsalu zakuda, aliyense akudziwa pomwe ayenera kuima. Angachuluke bwanji, umenewo ndi mdipiti, ulendo wa dongosolo wokhala ndi mutu ndi mchira. Kukhamukira kulibe wotsogolera. Nakonso kuguba n'kwina: asilikali, ana asukulu pa tsiku la chikondwerero, ochita zionetsero amene akukapereka chikalata kwa bwanamkubwa, onsewa amaguba, ndipo ligubo limakhala ndi nthawi yoyambira ndi njira yogwirizana. Kumapeto kwenikweni kwa mndandandawu kuli chigulugulu, mawu onyoza. Woyendera chigulugulu wapita chifukwa anzake apita, ukamufunsa chimene akukachita sayankha. Kukhamukira kumakhala pakati, sikuyamikira ndipo sikunyoza poyera, koma kumapendekera msanga ku chigulugulu wonenayo akangosintha kamvekedwe ka mawu. Mayi akauza mwana wake kuti, "Inunso mwayamba kukhamukira kumavidiyo?" palibe amene angaganize kuti akumuyamikira.

Owerenga nkhani pa wailesi ali ndi zizolowezi zingapo zimene khutu limadandaula nazo. China ndi kunena kuti khamu la anthu lakhamukira, kubwereza khamu kawiri m'mpweya umodzi, pamene anthu akhamukira ikadakwana. China ndi kusokoneza mgwirizano: chiganizo chimayamba ndi khamu la anthu, chimene chimafuna la-, koma pofika pakati chasanduka a-, n'kumveka kuti khamu la anthu afika. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku zimenezi zimadutsa, chifukwa maganizo a wonenayo ali pa anthuwo, koma m'nkhani yolembedwa mpofunika kusankha chimodzi. Chachitatu ndicho chachikulu: kugwiritsa ntchito mneniyu pofuna kukometsa nkhani yaing'ono. Alimi angapo akapita kukagulitsa thonje pa msika wa ku Ngabu, mutu wa nkhani umati alimi akhamukira kumsika. Tsiku limene kudzachitike kukhamukira kwenikweni, womvera adzakhala atazolowera, osatekeseka.

Chodabwitsa n'chakuti mneniyu sakonda ulendo wobwerera. Pangano la mtendere la ku Rome, lothetsa nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO, litasainidwa pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa 1 miliyoni aja adabwerera ku Mozambique m'zaka zochepa zotsatira, ambiri a iwo paokha, osadikira magalimoto a bungwe la UNHCR. Chiwerengero chake n'chofanana ndi cha pobwera, koma pokamba za nthawiyo anthu amangoti adabwerera kwawo, adapita. Chifukwa chake chili m'kayendedwe komweko. Pobwera onse ankalunjika malo ochepa omwewo, Nsanje, Chikwawa, Dedza, Ntcheu, Mulanje, Mwanza, ndipo ankaoneka. Pobwerera aliyense adalowera kumudzi kwake, ku Mutarara, ku Morrumbala, ku Angonia, bambo kutsogola kukaona ngati munda ulipo ndiponso ngati m'njira mulibe mabomba okwirira, mayi ndi ana kutsatira akakolola. Mneni wa ulendo wotere ndi kubalalika kapena kumwazikana, ndipo nkhani zake sizifika kawirikawiri pa mutu wa nyuzipepala. Misasa ya okhudzidwa ndi madzi osefukira nayo imatha chimodzimodzi. Boma limalengeza tsiku lotseka msasa kuti ana ayambirenso kuphunzira m'makalasi, koma pofika tsikulo mabanja ambiri amakhala atachoka kale, lero awiri, mawa asanu, pothamangira chinyontho cha m'dimba chisanaume.